Madala anali mkamwini

Mawu oti madala analowa m'nyumba mwathu pa njinga. Anabwera nawo ndi achimwene anga, m'zaka zija matipate atangoyamba kumene, pamene mnyamata aliyense wa kwathu ku Kapondo amene anali ndi njinga ya kaliyala yolimba anasanduka wageni. Ankamanga shuga pakaliyala n'kudzera njira za m'tchire kulowera ku Zambia, ndipo pobwerera ankatenga zitenje, sopo ndi mawu achilendo. Zitenje ndi sopo ankagulitsa, koma mawuwo ankatigawira ulere. Amayi anasanduka masteni, bambo anasanduka madala.

Kale lonse tinkati abambo. Achikulire a m'mudzi mwathu ankati atate. Kwawo kwa bambo, kwa Zulu, kumene anthu amadzitcha Angoni ngakhale Chingoni chinawathera m'kamwa kalekale, ankati ababa. Ana a aphunzitsi ndi a manesi a ku boma ankati adadi, ndipo ife tinkawaseka kumbali kwinaku tikusirira nsapato zawo. Koma madala anali mawu a mtundu wina. Sunkawatchula pamaso pa mwini wake. Anali mawu a kuseri kwa nyumba, ochenjezerana. Ukamva kuti "madala akubwera," unkadziwa kuti wailesi izimitsidwe mabatire asanathe, ndipo amene sanatsekere mbuzi athamange.

Ine ndinkawakonda mawuwo, ndisaname. Abambo ndi mawu onena utagwada. Madala unkanena uli chiimire, manja ali m'chiuno, ndipo pa msinkhu umenewo ndinali mtsikana wofuna kunena chilichonse ndili chiimire.

Tsiku lina achimwene ankamata chubu pabwalo, mnzawo atakhala pambali. Mnzawoyo anapempha kuti abwereke pampu.

"Iyayi aise, imeneyi ndi ya madala. Akaisowa aphulika."

Sanadziwe kuti bambo anali kuseri kwa nkhokwe, akusema mpini. Amayi nawonso anamva, ali pakhonde kupeta nyemba. Anaika lichero pansi.

"Wati ndani? Bambo ako ndi amene ukuwatcha zimenezo? Matipate anuwo azithera ku misonkhano konko, m'nyumba mwanga muno ayi!"

Bambo anatulukira kasemasema ali m'manja, ndipo tonse tinati lero kuli ntchito. Koma iwo ankaseka, kuseka kwawo kuja kothera m'chifuwa.

"Musiyeni, mayi. Iwe, mawu amenewo wawatola kuti?"

"Ku Chipata," anatero achimwene, maso ali pa chubu. "Ndi mmene akuyankhulira anyamata masiku ano."

"Masiku ano! Mawu amenewo ine ndinawamva ndevu zisanamere bwino, iwe kulibe, amako ndisanawaone n'komwe."

Bambo anapitako ku Joni kangapo ali mnyamata, ku migodi ya golide. Za kumeneko sankakonda kukamba. Zimene tinkazidziwa ndi zimene anabwerako nazo: sutikesi yachitsulo ya pansi pa bedi, jekete lolemera limene ankavala mu Juni, ndi chifuwa chosatha chija. Koma tsiku limenelo anakhala pa chitsa, mpini uli pamwendo, n'kumasuka.

Anati ku mgodi ankayankhula Chilapalapa, chiyankhulo cha pantchito chimene M'malawi, Msutu, Mshangani ndi mzungu ankamvanirana. M'menemo madala anali munthu wamkulu, nkhalamba. Koma mawuwo ankatuluka mosiyana malinga ndi pakamwa pake. Kamzungu kachinyamata kakakuwa kuti "madala!" kwa munthu wosesa m'komboni, munthu woti kwawo ali ndi zidzukulu, kankatanthauza kuti iwe unatha ntchito, chako ndi tsache. Pakati pa anthu akuda okhaokha zinali zina. Madala anali munthu amene wapita pansi nthawi zambiri n'kumatulukako wamoyo. Mnyamata watsopano akafika, ankam'pereka kwa munthu wotere n'kumuuza kuti agwire lamba wake, ndipo pamene madala waponda iyenso apondepo.

"Wanga anali wa ku Mozambiki," anatero bambo. "Wamfupi, wopanda mano akutsogolo. Ankandinyemera buledi wake. Ndikamalira kufuna kwathu, ankanditukwana mpaka ndiseke. Bambo anga ondibereka anamwalira ndili wamng'ono, sindiwakumbuka. Amene ndimam'kumbuka ndi ameneyo."

Kenaka anatembenukira kwa achimwene.

"Ndiye iwe ukamati madala, ukunena uti? Wa tsache kapena wa lamba?"

Achimwene anakanda m'mutu. "Ine ndimanena wa pampu."

Tinaseka tonse, ngakhale amayi, amene anayesetsa kubisa nkhope kuseri kwa lichero. Kuyambira tsiku limenelo mawuwo anatuluka kuseri kwa nyumba n'kubwera pakhonde. Bambo akakhala kuti asangalala tinkawatchula pamaso pawo, iwo n'kumayankha. Amayi okha sanawatchulepo mpaka imfa yawo, ndipo aliyense wowatcha masteni ankayenera kukhala patali ndi mthiko.

Nkhaniyi inamveka mpaka kwa Zulu. Azakhali, mlongo wawo wamkulu wa bambo, atabwera kudzacheza anakana zonse ziwiri, za ku Chipata ndi za ku Joni zomwe.

"Joni wa chiyani? Amenewo ndi mawu athu. Agogo athu ankati mdala ponena nkhalamba. Anabwera nawo kuchokera kum'mwera pamodzi ndi zishango. Tinawataya tokha, lero mwakawatola kwa eni mukuti ndi atsopano."

Ine sindinaphunzire zofufuza mawu, ndipo ndimawakhulupirira onse atatu. Ndimaona ngati mawuwa anakwera kuno ndi Angoni n'kuiwalika, anadzabweranso m'masutikesi a anthu a ku migodi, anagonera m'matauni a ku Zambia, kenaka anyamata n'kuwakweza pa njinga. Poyenda ponsepo ankasintha pang'onopang'ono, kuchoka pa nkhalamba iliyonse mpaka kufika pa nkhalamba yako yako, imene umaiopa koma ukasowa chochita umathamangira komweko. Ndi mawu oyendayenda, opanda mudzi wawowawo. Mwina n'chifukwa chake anawakhala bwino bambo, chifukwa m'mudzi mwathu iwo anali mkamwini.

Atakwatira ankafuna kuwatenga amayi chitengwa, kupita nawo kwa Zulu monga amachitira Angoni anzawo. Koma amayi anali mwana wamkazi yekhayo pa mbumba yawo, ndipo atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anakana kuti mudzi ungafe. Bambo anavomera kudzakhala kwa akazi awo. Ankati ndi za chaka chimodzi kapena ziwiri, mitima ya anthu ikafewa adzasamuka. Imvi zinawapeza pomwepo.

Ndipo anachita zimene akamwini anzawo sankachita. Mkamwini wochenjera ankamanga nyumba yaudzu, yoti tsiku lochoka asatembenuke kuiyang'ana. Bambo anaumba njerwa, kuziwotcha, n'kufolera ndi malata. Anadzala mango kuzungulira bwalo, mabulugama m'malire a munda, ndipo ku dimba anakumba chitsime chimene mudzi wonse unkatungapo mu Okotobala. Anzawo pa mowa ankawaseka.

"Mukudzala mitengo pa eni ake? Mudzaisenza pamutu?"

"Ndikudzalira ana," ankatero.

Komabe pa nkhani za ana omwewo mawu omaliza sanali awo. Nditasankhidwa kupita ku sekondale, amayi anakauza kaye atsibweni. Mnyamata amene anadzakhala mwamuna wanga atafuna kufunsira mbeta, abale ake anapita kwa atsibweni, bambo n'kudzamva pambuyo ngati munthu wa nyumba yoyandikana nayo. Zimenezi zinkandiwawa kwambiri, ndipo ndinkanena. Iwo ankangoti, "Ndi mmene zimakhalira kuno," n'kupitiriza kunola khasu.

Amayi anayamba kudwala chitangotha chaka chija cha njala. Anadwala nthawi yaitali, ndipo anamwalirira ku chipatala cha ku boma, bambo ali pambali pawo. Nthawi imeneyo ine ndinali pa banja, ndili ndi mwana mmodzi, tikukhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya makolo. Achimwene anali atasiya geni n'kukwatira kutali, nawonso chikamwini. Tinaika maliro, tinameta, anthu anabalalika. Bambo anatsala okha m'nyumba ya malata ija, ndipo chakudya ndinkawapititsira ndine.

Aliyense ankadziwa chimene chikubwera. Mkazi akamwalira, pakapita miyezi akuchikazi amaitana akuchimuna n'kum'sudzula mwamunayo, kunena kuti maliro atha, ndi womasuka, angathe kubwerera kwawo n'kukakwatiranso. Ndinali nditaonapo amuna angapo akutuluka m'mudzi mwathu ndi kamtolo ndi khasu paphewa, ndipo sindinaganizepo kanthu. Zinandilowa m'mutu zitafika pakhomo pathu. Amayi ndinali nditataya kale, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti bambo sindiwataya.

Ndinapita kwa atsibweni tsikulo lisanafike. Ndinawapeza akusankha fodya m'chigafa.

"Atsibweni, abambo asachoke."

Sanali munthu woipa, ngakhale ndinakula ndikuwaona ngati wotilanda bambo. Anaika fodya pansi.

"Mwambo ndi wowamasula, mwanawe, si wowathamangitsa. Ana akafuna, munthu amakhala. Koma zimenezo udzanene wekha pagulu, anthu onse amve."

Ndinabwerera kunyumba ndikukonza mawu m'mutu. Ndinkawabwereza potunga madzi, posinja, ngakhale m'tchalitchi pamene anzanga ankaimba.

Tsikulo linafika titakolola. Akuchimuna anabwera m'mawa: azakhali, ankhoswe, ndi mng'ono wawo wa bambo. Anabwera pa ngolo. Nditaiona ngoloyo ndinadziwa chimene abwerera, chifukwa anthu odzangomva nkhani sabwera ndi ngolo yopanda katundu. Tinayala mphasa pabwalo, amuna uku akazi uku, thobwa likuzungulira.

Atsibweni anayankhula bwino, zimenezo ndiwapatse.

"Alamu, mwatisungira mlongo wathu mpaka tsiku lake lomaliza. Sitinamvepo kuti wagona ndi njala inu muli ndi chakudya, kapena kuti mwam'kwezera dzanja. Ana mwalera, awa ali apawa. Ife tilibe nanu mlandu. Lero tikukumasulani."

Anthu anaomba m'manja pang'onopang'ono. Kenaka ankhoswe anafunsa ngati ana ali ndi mawu. Achimwene anayang'ana pansi n'kunena kuti zonse zili kwa akuluakulu. Ndikanatha kuwagenda ndi chikho. Lero ndimawamvetsa, chifukwa nawonso anali mkamwini kwa eni, ndipo zimene ankaonera tsiku limenelo zinali zawo za mawa. Koma pa nthawiyo ndinangoona mantha.

Ndinasendera kutsogolo n'kugwada. Mawu onse okonzedwa bwino aja anathawa.

"Nyumba iyi anamanga okha. Mitengo iyi anadzala okha. Kwa Zulu akukapezako chiyani? Akadwala akawasamala ndani? Ine ndilipo, manja ndili nawo. Madala sakuchoka pano!"

Mawuwo anangotuluka okha, pamaso pa ankhoswe. Azimayi ena anabisa kuseka m'zitenje, azakhali anapukusa mutu. Atsibweni sanandidzudzule.

"Mwamva nokha, alamu. Mwana akukufunani. Ifenso sitikukuthamangitsani. Nyumba ndi ya ana, ndipo ana akuti mukhale. Khalani."

Ndinasangalala kwambiri moti ndinafuna kululutira pa mwambo wa maliro. Ndinayang'ana ngolo ija ndi ng'ombe zake n'kunena mumtima kuti mubwerera chimodzimodzi mmene mwabwerera.

Bambo anaika chipewa pabondo. Anaomba m'manja mwaulemu, anatsokomola, n'kuyamba.

"Zikomo alamu. Zikomo eni mudzi. Mwandisunga bwino, sindinganame. Mwana wanganso ndamumva, ndipo pakamwa pakepo ndikupadziwa, anatengera amake." Anthu anaseka pang'ono. "Koma ndili ndi funso limodzi. Ndikakhala, tsiku langa likadzakwana, mudzandiika kuti?"

Yankho aliyense ankalidziwa, ngakhale ine. Manda a m'mudzi mwathu ndi a mbumba. Mkamwini akamwalira, mtembo wake umabwerera kwawo. Atsibweni anayang'ana pansi.

"Mukudziwa nokha, alamu."

"Ndikudziwa. Ndiye bola ndipite ndi miyendo yanga, anthu akandizolowere ndikadali moyo. Sindikufuna kudzafika m'bokosi kwa anthu omafunsana kuti kodi ameneyu anali ndani. Pano ndinabwerera munthu mmodzi, ndipo munthuyo mwamuika."

Ndinalira, koma sikunali kulira kwa chisoni chokha. Ndinakwiya. Ndinakwiyira atsibweni, ngolo, mwambo, ndi bambo amene. Ndinali nditawapambanira mlandu pamaso pa anthu, iwo n'kuubweza. Pokweza katundu sindinathandize. Ndinaima pakhonde mwana ali kumbuyo, ndikuonerera. Anatenga sutikesi yachitsulo ija, jekete, bulangeti, khasu, nkhwangwa ndi kasemasema. Ngolo yonse ija katundu wake sanadzaze ngakhale ngodya imodzi. Asanakwere anabwera pamene ndinaima, anagwira mwana patsaya, n'kundiuza kuti malata a kuchipinda akudontha pa msomali umodzi, ndiuze bambo a mwana akwerepo mvula isanayambe.

Sabata yomweyo tinasamukira m'nyumba ya malata. Munda unakhala wanga, dimba langa, mitengo yanga. Mwambo umene ndinkautukwana uja, amene anadya zake ndine. Zimenezi zimandivuta mpaka lero, ndipo sindinapeze pozitula.

Mkwiyo unanditengera miyezi. Nditaona kuti ukungondipweteka ndekha, ndinanyamula ufa, nyemba ndi nkhuku, ndinakwera matola mpaka ku boma, kenaka kabaza mpaka kwa Zulu. Ndinawapeza akukhala m'kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba ya mng'ono wawo. Anali atayamba kale kutema kamunda kamene anawagawira. Ana a pamudzipo anathamanga kukawaitana.

"Agogo a ku Kapondo! Kwabwera alendo!"

Bambo anaona kuti ndamva, ndipo anaseka.

"Ukudabwa? Kwanu kuja zaka zonse zija ndinali a kwa Zulu. Ndafika kwa Zulu, ndasanduka a ku Kapondo."

Anandiyalira mphasa ngati mlendo, ndipo ndinalidi mlendo. Anafunsa za mwana, za mbuzi, za mtengo wa fetereza. Anati anthu akuwasunga bwino, ana a mng'ono wawo amati ababa, amagwada powapatsa madzi.

"Ulemu wokhawokha," anatero. "Mpaka umatopetsa. Palibe wondiyankha zamwano kuno."

"Madala, mwaonda," ndinatero.

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, misozi ili m'maso, ndipo sindinadziwe ngati inali ya chifuwa. Tinacheza tsiku lonse. Za tsiku la ngolo lija sitinakambepo, za amayinso ayi.

M'mawa mwake anati andiperekeze pang'ono. Anandinyamulira dengu. Tinadutsa madimba, pamene anthu ambiri operekeza amabwererapo, iwo osaima. Tinadutsa tchalitchi, tinawoloka kamtsinje, ndinawauza kuti abwerere chifukwa cha chifuwa, iwo anangoti pang'ono pokha. Tinakafika mpaka pa msewu wa tala. Tinaima pamenepo kudikira galimoto, iwo akuyang'ana mbali imene ndinkalowera.

Minibasi itaima, kondakitala atalanda kale dengu, bambo anandigwira pamkono.

"Mudzi ukamakalambula kumanda, iwe usamajombe."

"Sindijomba."

"Pamene agona amako, chakumadzulo kwake, pali kamalo kopanda munthu. Ndinakaona tsiku loika lija. Ndikudziwa kuti si kanga. Koma ukamalambula pa amako, uzilambulanso pamenepo."

Kondakitala ankamenya chitseko kuti tizipita. Ndinangogwedeza mutu n'kukwera. Galimoto inanyamuka iwo ali chiimire m'mbali mwa msewu, chipewa chili m'manja.

Anamwalira patapita zaka zochepa, ndipo anaikidwa kwa Zulu pakati pa abale awo, anthu amene pofika nthawiyo anali atawazolowera. Chaka chilichonse tsiku lolambula kumanda likakwana, ndimatenga khasu n'kupita ndi anzanga. Ndimalambula pa amayi, kenaka ndimapitiriza chakumadzulo, pamalo popanda mtumbira. Azimayi anzanga amandiuza kuti ndapitirira, pamenepo palibe munthu. Ndimawayankha kuti ndamva, n'kupitiriza kulambula.